Casing ya mota ya roketi ikakana kutseguka, ikatupa kapena ikadontha moto, yang'anani izi musanaiulutsenso

Chaka changa choyamba kuulutsa maroketi kuno ku America ndinaononga casing (chubu chomwe mafuta a mota ya roketi amayakiramo) yabwinobwino ya aluminiyamu, ya mamilimita 29, ndipo sinaonongekere kumwamba ayi koma patebulo la kukhitchini, ine pulayala ili m'manja. Tinaulutsa Loweruka, dzuwa linali loswa mtengo, mwana wanga anatopa nde tinangoponya zonse mu buti ya galimoto nkubwerera kunyumba, casing ija inakhala momwemo chitsekere ndi nyansi zake zonse mkati mpaka Loweruka linalo. Nditati nditsegule closure (chotsekera chopotoza cha kumapeto kwa chubu) yakutsogolo inakaniratu, ndinayesa ndi manja, ndinakulunga nsalu, osatheka, kenako ndinaigwira ndi pulayala nkufinya, mlomo wa chubu unapindika pang'ono chabe koma basi, kuyambira tsiku limenelo closure sinalowenso bwino. Zinandipweteka kwambiri chifukwa ndalama zake sizinali zochepa komanso mwana ankayembekezera kuulutsanso mawa lake. Kuchokera nthawi imeneyo ndaona anthu atsopano angapo ku kalabu kwathu akugwa m'dzenje lomweli, nchifukwa chake ndati ndilembe zimenezi bwinobwino.

Tigwirizane kaye chinthu chimodzi, ma casing alipo amitundu iwiri ndipo funso loti "kodi ndingaigwiritsenso ntchito" yankho lake limasiyana kutalitali. Pali aja apepala, ngati a kampani ya Estes, omwe amabwera mota yonse yathunthu, mumangolowetsa mu roketi, yayaka, yatha. Ndiye pali aja a aluminiyamu omwe anapangidwira dala kuti muzigula zamkati zokha, zomwe timati reload, chubu nkukhala chomwecho zaka ndi zaka.

Apepalawo musadzazenso. Ndikunena motsindika chifukwa pafupifupi mwana aliyense akatola casing yotha ya kamota kakang'ono ka C6-5 nkuona kuti pepala lake ndi lochindikala, lolimba, nozzle (potulukira moto) yadongo ikadali pomwepo, maganizo oyamba amabwera ndi oti bwanji ndithiremo onga wina. Taonani mkati ndi tochi, muona kuti khoma lapepala lapsa, lasanduka makala, lachepa kuchindikala, ndipo kabowo ka nozzle kadyeka sikalinso saizi yomwe anakapangira. Chachikulu nchakuti onga wa mu mota zimenezi sathira ngati ufa m'thumba, kufakitale amausindikiza ndi makina amphamvu mpaka kukhala chibulumwa chimodzi cholimba chomatirira kukhoma, kuti moto uzidya kuchokera kumunsi kukwera mwadongosolo. Wodzaza ndi manja amasiya timipata ndi timing'alu, moto ukalowa m'timipatamo umayatsa malo ambiri nthawi imodzi, puresha imakwera kuposa yomwe pepala lopsalo lingapirire, nkuphulika. Ngakhale mota zatsopano za onga zimatha kuphulika zikasungidwa malo oti masana kutentha kwambiri usiku kuzizira kwambiri mobwerezabwereza, ngati mu galaja kapena m'galimoto, chifukwa chibulumwa chija chimang'aluka kapena kulekana ndi pepala. Nanga ngati ya kufakitale imatero, yodzaza pakhonde itani?

Masewera onsewa anayamba chifukwa cha vuto lenileni limeneli. Setilaiti ya Soviet Union ya Sputnik itauluka mu 1957 anyamata ambiri ku America anayamba kudzaza mapaipi ndi mankhwala osakaniza okha, ambiri anavulala, ena kuduka zala, ena kufa kumene. Orville Carlisle wa ku Norfolk ku Nebraska, yemwe ankagulitsa nsapato koma ali ndi luso pa zophulika, anali atapanga kale kamota kakang'ono kapepala kogwiritsa ntchito kamodzi, nkutumiza zitsanzo kwa G. Harry Stine yemwe ankagwira ntchito ku White Sands, malo a asilikali oyesera maroketi, ndipo anthu awiriwa ndi amene anayambitsa bungwe lomwe lero ndi National Association of Rocketry (NAR) chaka chomwecho cha 1957. Vernon Estes anabwera ndi makina ake opanga mota zambirimbiri, kampani yake inayamba mu 1958 ndipo ili ku Penrose ku Colorado. Cholinga chinali choti mwana asamagwire mankhwala, azingogula mota yoyesedwa kale. Mpaka lero malamulo a chitetezo a NAR amati ugwiritse ntchito mota zovomerezeka zokha ndipo usazisinthe mwanjira iliyonse. Zomwezi zikukhudzanso mota zija za chubu chapulasitiki zotaya ukagwiritsa kamodzi, kaya ndi zazikulu bwanji, kamodzi ndi kamodzi basi.

Sikuti yotha yapepala ilibe ntchito ayi, ine ndili nazo zodzadza kachitini. Mukaigogoda kuti phulusa lituluke (imanunkha ngati dzira lowola chifukwa cha salufa, isiyeni panja masiku angapo) imathandiza pomanga roketi yatsopano, mumakankhira nayo kamphete kotsekereza mota mkati mwa chubu mpaka pa muyezo wake weniweni nkuisolola msanga guluu asanagwire. Mukaisomeka pa kamtengo imakhala chogwirira popenta, pentiyo salowanso m'malo a mota. Ena amaidula timphete nkupanga chotsekereza chomwecho, ndipo poti mota ya D ya Estes (zilembozi zimasonyeza mphamvu ya mota) ndi yaitali mamilimita 70 pomwe ya E ndi 95, kachidutswa ka mamilimita 25 kodulidwa ku casing yotha ya mamilimita 24 kamakwanira bwino kudzaza mpata mukafuna kuulutsa D mu roketi yomangidwira E. Koma chinthu chimodzi musachite, musaigwiritse ntchito poyeza pomwe roketi ikubalansira. Yotha ndi yopepuka, ikunamizani kuti kulemera kuli kutsogolo pomwe mukaika mota yeniyeni kumabwerera kumbuyo, roketi nkumachita zozungulira mumlengalenga anthu ali pansi. Ndipo zothazo muzizilemba chizindikiro ndi maka, zisasakanikirane ndi zamoyo m'bokosi limodzi.

Tsopano za aluminiyamu, apa ndi pomwe pali nkhani. Kampani ya AeroTech inatulutsa mota zodzazanso, zomwe amazitcha RMS, mu 1990, kenako Cesaroni ya ku Ontario ku Canada inabwera ndi Pro38 ndi abale ake a mamilimita 24, 29, 54, 75 ndi 98, palinso ena ngati Loki Research omwe ma casing awo amatseka ndi ma snap ring (timphete tachitsulo todzifinya tokha mumsewu wa mkati mwa chubu) m'malo mwa mazinga. Ambiri timayambira pa casing ya AeroTech ya 24/40 kapena 29/40-120, iyi yachiwiriyi imalandira ma reload a E, F ndi G, ndipo ukadutsa G kulowa H, kupitirira ma newton-second 160 (muyezo wa mphamvu yonse ya mota), umafunika satifiketi ya Level 1 ya NAR kapena ya bungwe lina lotchedwa Tripoli. Mafuta ake si onga, ndi chinthu chonga labala chokhala ndi ammonium perchlorate, banja limodzi ndi chomwe chinali mu ma booster (maroketi akulu a m'mbali othandiza ponyamuka) a chombo cha Space Shuttle, ndipo moto wake ndi wotentha kuposa kutali pomwe aluminiyamu amasungunukira, pa madigiri pafupifupi 660. Nde funso nkumati chubu chimapulumuka bwanji? Chimapulumuka chifukwa moto suchikhudza. Mkati muli liner (chubu china chopyapyala) yapepala kapena ya phenolic yomwe imapsa m'malo mwa chitsulo, kumapeto konse kuli ma O-ring (timphete talabala) otseka mpweya wotentha kuti usapeze njira ina kupatula pa nozzle. Mavuto onse omwe ndikunena m'munsimu, mukawatsatira mpaka ku muzu, ndi awiri okha, mwina moto unapeza njira nkukhudza chitsulo, kapena nyansi za moto zinagona pachitsulo nthawi yaitali.

Closure yokana kutseguka ndi ija yachiwiriyo. Utsi wa mafuta amenewa uli ndi asidi wa hydrochloric, zotsalira zake zimakoka chinyontho cha mumpweya nkuyamba kudya chitsulo m'mazinga momwemo, nchifukwa chake mapepala a malangizo amakuuzani kuti muyeretse msanga, pakadutsa tsiku limodzi zimauma gwa. Chizolowezi changa pano nchakuti ndikangotola roketi, casing ikazizira poti nkuigwira ndi manja osapsa koma ikadali yofunda, ndimamasula ma closure onse awiri pompo pabwalo, ngakhale ndisayeretse nthawi yomweyo. Ngati mwachedwa kale ndipo yamata, musagwire pulayala, musaike mu vaisi. Imikeni m'madzi ofunda a sopo wotsukira mbale kwa kanthawi kuti madzi alowe m'mazinga, kenako valani magolovesi alabala kapena kulungani chidutswa cha chubu cha njinga kuti dzanja ligwire bwino nkupotoza. Ikakanabe donthezani mafuta aja omasulira mabawuti adzimbiri pamphepete nkuisiya igone, mawa muyesenso. Pali sipanala ya lamba yomwe imagwira mozungulira monse osafinya mbali imodzi, imeneyo ndiye yololedwa, ndipo muigwiritse pafupi ndi pakati pomwe liner ikadali mkati kuchirikiza khoma. Kuotcha ndi moto kuti chitsulo chifutukuke, monga amachitira amakaniko pa bawuti ya galimoto, apa ayi, ndifotokoza chifukwa chake kutsogoloku.

Kuyeretsa kwenikweni sikufuna zinthu zodula. Mawaipusi a ana, mswachi wakale, timitengo tathonje totokosera m'makutu, burashi yotsukira botolo la mwana, madzi ofunda ndi sopo. Pomwe mwaye wakakamira viniga woyera amathandiza koma musamize casing mu viniga usiku wonse, pukutani, tsukuluzani ndi madzi, umitsani. Kwathu poto wa aluminiyamu akada timakwecha ndi mchenga, phulusa kapena waya uja wokwechera mapoto mpaka awale, ndipo dzanja limafuna kuchita chimodzimodzi likaona casing yakuda, koma letsani dzanjalo. Mtundu uja wakuda, wabuluu kapena wofiira pa casing si penti, ndi khungu loteteza chitsulo lomwe amati anodizing, ndipo malo omwe O-ring imakhala akakandika ngakhale kamzere kamodzi, mwatsegula njira ya moto. Jik, caustic soda ndi mankhwala otsukira uvuni zimadya aluminiyamu, zisayandikire. Malo atatu omwe anthu amaiwala ndi mazinga, kachipinda ka delay (kamankhwala koyaka pang'onopang'ono kochedwetsa kutuluka kwa parachuti) mkati mwa closure yakutsogolo, ndi kabowo kakang'ono kolumikiza kachipindako ndi pomwe pamakhala onga wotulutsa parachuti. Kabowoko muzikayang'ana kudzuwa mpaka muone kuwala kukudutsa.

Liner ikamatirira mkati, kawirikawiri ndi chifukwa choti simunaipake girisi kunja kwake poilowetsa, kapena mwasiya masiku. Ikankheni ndi mtengo wozungulira wokwana bwino mkatimo, ine ndinadula mpini wa tsache, kankhani molunjika casing itaima pa thabwa, osati pa simenti. Sikuludiraiva ndi mpeni ndi adani a casing, zimakanda khoma mkati. Ikang'ambika nkutsala zidutswa nyikani m'madzi a sopo, pepala limafewa lokha. Ndipo musanataye liner yopsayo mu bini isuzumireni kaye, mota zina zazitali zimakhala ndi kambale kachitsulo kumutu kwa liner kotchedwa seal disk, kameneka si ka reload, ndi kanu, kamagwiritsidwanso ntchito, koma kamatuluka katada bii katamatirira ku liner nde anthu amakataya osadziwa, nkudzazindikira mwezi wamawa ali pabwalo reload atatsegula kale.

Vuto lomwe limaopsa kwambiri ndi moto kutulukira kutsogolo. Mumaona roketi yangonyamuka, mota ikadali kubangula, mwadzidzidzi mutu wafwamphuka parachuti yatuluka, nthawi zina moto ukuoneka mbali zonse ziwiri, roketi nkupsa mkati kapena chingwe kung'amba chubu chake kutsika. Mukatsegula closure yakutsogolo mupeza yapsa, nthawi zina kabowo kaja kakula. Apa musathamangire kunena kuti reload inali yoipa, yambani mwadzifunsa nokha. Kodi O-ring yaing'ono ya delay munaiika, ndipo munaiika mbali yoyenera? Kodi spacer (kodzazira mpata) ndi delay sizinasinthane malo? Kodi m'kachipinda munalibe mwaye wa ulendo wapitawo womwe unalepheretsa O-ring kukhala bwino? Kodi ma O-ring akulu awiri aja, lakutsogolo ndi lakumbuyo, omwe m'ma reload ena amasiyana kunenepa pang'ono chabe, simunawasinthanitse? Tsitsi limodzi, kamchenga kamodzi, kaudzu kouma komata pa girisi, nzokwanira. Nchifukwa chake ine mota ndimamangira patebulo loyera nditayala pepala, zipangizo zonse nditaziyala mwa ndondomeko, pepala la malangizo la reload yomweyo lili potseguka ngakhale ndamangapo yofanana nayo kambirimbiri, ndipo munthu akandiyankhulitsa ndili pakati ndimamupempha adikire. Pomaliza patebulo pasatsale kanthu, O-ring ikatsala ndiye kuti masulani muyambirenso.

Wina angaone ngati ndikukulitsa nkhani ya kamphete kalabala. Pa 28 Januwale 1986 Space Shuttle yotchedwa Challenger inasweka mumlengalenga, anthu 7 anafa, ndipo gwero lake linali O-ring pa mfundo ya booster yomwe inauma ndi kuzizira nkulephera kutseka, mpweya wotentha unapeza njira. Ma casing a ma booster amenewo nawonso ankawavuula m'nyanja, kuwayeretsa, kuwayeza nkuwadzazanso. Zathuzi nzazing'ono koma lamulo lake ndi lomwelo, ndipo kukazizira kwambiri ine ma O-ring ndimawasunga m'thumba la jekete mpaka nthawi yomanga. O-ring yomwe yauluka kale siibwereranso, ngakhale ikuoneka bwino bwanji, reload iliyonse imabwera ndi zake zatsopano.

Girisi naye ali ndi mbali ziwiri. Wochepa, O-ring imapotoka kapena kudulidwa pomanga. Wochuluka, amafika pomwe sakufunika. Muyezo wake ndi woti O-ring ingowala, osati kuchita matope, pang'ono m'mazinga, pang'ono kunja kwa liner, ambiri timagwiritsa Super Lube. Mukatha pukutani zala musanagwire delay ndi mafuta a mota, chifukwa girisi akapaka pankhope ya delay moto sudutsa kukayatsa onga, parachuti situluka, roketi imabwera chamutu ngati mkondo, ndipo kupatula kuopsa kwake kwa anthu, casing yanu imakathera pansi penipeni. Zofananazo zimachitika ngati onga sunalowe m'kabowo kaja, ndiye mukathira gogodani pang'ono ndi chala kuti utsike, mpata wotsala pamwamba dzazani ndi kapepala kosapsa kenako kachivindikiro kapena tepi, kuti roketi ikatembenuka onga usathawe pakabowo. Kufupikitsa delay chitani ndi chida cha kampani yomwe inapanga reload basi.

Nthawi zina mukumanga closure yakumbuyo ikuima isanafike, patsala kampata. Musaumirize ndipo musanene kuti zikhala bwino. Chinachake chakhala molakwika mkati, mwina liner sinafike kumapeto, mwina O-ring yapanidwa pakati pa nozzle ndi khoma, mwina mwatenga reload ya casing yotalikirapo. Masulani, tulutsani, yang'anani. Ma closure amamangidwa ndi manja mpaka akhudze chubu, ndipo kumapeto mumamva kulimba kwa labala ikufinyika, ngati yalowa mopepuka mpaka kumapeto kapena mukagwedeza mota mukumva zinthu zikuseweraseweramo kwambiri, pali chomwe chasowa. Poyamba kupotoza bwererani kumbuyo pang'ono mpaka mumve kuti mazinga agwirana ndiye muzipita kutsogolo, ikalimba pa kuzungulira koyamba kapena kwachiwiri ndiye kuti yalowa mopingasa, imani pomwepo. Liner yatsopano ikakana kulowa mu casing yoyera bwino, mwina yafufuma ndi chinyontho, kupala pang'ono kunja kwake ndi sandipepa kumathandiza, koma ikamakanira malo amodzimodzi nthawi zonse ndi ma liner osiyanasiyana, kayikirani casing osati liner.

Za Cesaroni nzosavuta kumanga chifukwa reload imabwera yolumikiza kale, pa Pro38 mumangoilowetsa nkupotoza, koma kuphweka komweko kuli ndi misampha yake. Mazinga ake ndi apulasitiki, kulowa mopingasa sikuchedwa. Mukaika reload yaifupi mu casing yaitali pamafunika spacer, kuiwala ndiye kuti zamkati zikankhidwira kutsogolo mota ikayaka. Ndipo pali cholakwika chodziwika bwino chomwe chimamveka ngati nchosatheka koma chimachitika, munthu kulowetsa reload mu roketi popanda casing nkomwe poti imaoneka ngati mota yathunthu, pulasitikiyo payokha singapirire puresha, roketi yonse imapsa pa pad, pamalo poulutsira. Ma casing a snap ring nkhani yawo ndi nozzle ya graphite yomwe imagwiritsidwanso ntchito, muziichotsa zokakamira pakhosi pake mosamala chifukwa khosi likachepa puresha imakwera, muziiyeza, muziyang'ana ming'alu, ndipo pochotsa ma ring valani magalasi, amadumpha.

Tifike pa funso lovuta, casing yatha liti? Ma casing ambiri amapangidwa ndi aluminiyamu ya 6061-T6, ndipo T6 ameneyo akutanthauza kuti chitsulocho anachilimbitsa pochiphika pa kutentha kwa madigiri cha m'ma 160 mpaka 175 kwa maola angapo. Chikatenthedwanso kupitirira pamenepo kulimba kuja kumayamba kuchoka, ndipo sikubwerera chikazizira, maso sangaone koma chitsulo chafooka. Nchifukwa chake ndinati musaotche closure yomata. Nchifukwa chakenso malo omwe liner inabooka moto nkunyambita khoma ndi malo okayikitsa mpaka kalekale. Ndikamaliza kuyeretsa ndimaigubuduza pa galasi kapena patebulo losalala nkuona ngati ikudumphadumpha, ndimagoneka rula yachitsulo m'litali mwake mbali zingapo nkuyang'ana ngati kuwala kukudutsa pansi, ndimayendetsa chala kufuna kachotupa, kenako ndimasuzumira mkati ndi tochi kufuna timaenje ndi malo odyeka. Mtundu kuzilala pang'ono ponseponse patapita zaka sizindidetsa nkhawa kwambiri, koma banga limodzi losintha mtundu, makamaka pafupi ndi mapeto, ndimalitenga ngati chenjezo ndipo ndimakaonetsa achikulire a ku kalabu kapena kutumiza chithunzi kwa opanga, paja safunsa anadya phula. Chotupa, chithuza, mng'alu, mazinga odyeka, pamenepo palibenso zokambirana. Chizindikiro china chomwe anthu amachinyalanyaza, casing yomwe kale inkalowa bwino mu roketi lero ikukanira pakati, imeneyo yatupa.

Yogwa pansi nayo muiyang'ane ngakhale sinapse. Mlomo ndi pomwe pali popyapyala chifukwa cha mazinga, ikagwa pa simenti ilibe closure imapindika pomwepo. Kuwongola ndi hamala kapena kuwotcherera musayese, chubu chatsopano chimagulidwa pachokha popanda ma closure ndipo nchotchipa kuposa roketi yonse ndi zamagetsi zake.

Ena casing sawononga, amangotaya. Onga wa parachuti ukaphulika umakankha mbali zonse ziwiri, ngati mota sinagwidwe bwino ndi iyo yomwe imafwamphuka kumbuyo, parachuti nkutsala mkati, casing nkugwa payokha m'munda wa chimanga wa eni ake komwe simudzaipezanso. Pa mota yapepala kukulunga tepi kuti ithine kumakwanira, pa ya aluminiyamu yopakapaka girisi ine sindidalira tepi yokha, ikani chogwirira chenicheni, kaya timabawuti tiwiri ndi tizitsulo togwira mlomo wa closure, kaya zija zopotoza ngati za Aero Pack. Muonetsetsenso kuti mutu wa roketi sunathine kuposa mota.

Pali zina zomwe anthu amanamizira casing pomwe ilibe mlandu. Mota ikamatsokomola pa pad, kuyaka nkuzima nkuyakanso, kawirikawiri igniter (waya woyatsira mota) sinafike kumutu kwenikweni kwa mafuta kapena reload yakhalitsa nkuchita khungu pamwamba. Ikakana kuyaka, chotsani kiyi ya chitetezo ndipo dikirani masekondi 60 musanayandikire, limenelo ndi lamulo la NAR, ndipo mota yomwe yatsokomola nthawi yaitali isananyamuke delay yake imakhala yayamba kale kupsa komanso casing yatenthedwa nthawi yotalikirapo, ndiye ikabwera muiyeze mosamala kuposa masiku onse.

Ikaphulika ndithu, zomwe timati CATO, tolani zidutswa zonse, musayeretse kanthu, jambulani, sungani paketi ya reload chifukwa pali manambala a tsiku lomwe inapangidwa, lemberani opanga, ndipo lembaninso lipoti la MESS lomwe mabungwe oyesa mota amagwiritsa ntchito poona ngati mtundu wina ukulephera kawirikawiri. Lembani zoona, ngati mukukayikira kuti munasinthanitsa O-ring nenani choncho. Closure yomwe inali pa casing yophulika musangoisamutsira pa ina, mazinga ake anakokedwa ndi mphamvu yoopsa.

Mphwanga wina kumudzi ataona zithunzi anandipempha kuti ndikamabwera ndimutengere casing imodzi yakale, akuti zamkati aona yekha. Ndinamukaniza ndipo ndinamufotokozera chifukwa, ma reload sakwera ndege m'chikwama cha munthu, amatumizidwa ngati katundu woopsa, ndipo casing yopanda reload yake ndi chubu chabe chomwe chingamuike m'mayesero odzazamo zosakaniza yekha. Ngakhale a Tripoli omwe amalola mamembala a Level 2 kupita m'mwamba kuulutsa mota zopanga okha, salola chubu cha sitilo kapena PVC, chifukwa zimenezo zikaphulika zimamwaza zidutswa zakuthwa, ndipo anthu amaima patali kwambiri. Paipi yamadzi yodzaza mankhwala si roketi, ndi bomba. Ndinamutumizira m'malo mwake kapangidwe ka roketi yamadzi, botolo lapulasitiki la zakumwa za gasi, madzi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, pampu ya njinga, imakwera bwino ndithu ndipo ana a sukulu amaphunzirapo za kubalansa ndi zipsepse chimodzimodzi.

Posunga, casing ikhale youma, mazinga opaka girisi pang'ono, ma closure omangidwa mosathinitsa kuti ateteze milomo, seal disk ndi ma spacer m'kathumba kamodzi kolembedwa saizi, ine iliyonse ndimailowetsa mu sokosi yakale kuti zisamagundane m'bokosi. Ndili ndi kabuku komwe ndimalemba casing iliyonse, tsiku lomwe yauluka, reload yanji, ndi chomwe ndinaona poyeretsa, kuti banga likaoneka ndidziwe ngati ndi latsopano. Yomwe ndaipumitsa sindiibweza m'bokosi ndipo sindiipatsa munthu, ndimaiboola ndi dirilo mabowo awiri akulu pakati penipeni kuti wina asadzaitole nkuikamo reload. Ija ya kukhitchini ndinaiboola chimodzimodzi, pano timaigwiritsa ntchito poyeza ngati chubu cha mota chalowa molunjika tikamamanga roketi yatsopano ya 29.